Mawu odzutsira mbuzi ya chipewa

Amayi, kodi kumene muliko kwacha bwanji?

Ndine Rozina. Ndadzitchula dzina chifukwa ndikukudziwani, mukaona zilembo zopendamazi muyamba mwanena kuti ndi Zuze, chonsecho mwana wanu wamwamunayo cholembera anasiyana nacho kalekale. Ndakhala pansi pa mtengo wa nimu uja munabzala kuseri kwa khitchini. Kuno ku Makhuwira kwatentha moti nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa, ndipo mitambo ikungosonkhana masana n'kubalalika osagwetsa ngakhale dontho. Papita miyezi isanu ndi iwiri chikuikireni m'manda, koma ndikamaphika ndimapezeka ndatapa ufa wa anthu atatu.

Ndiyambe ndi za kumunda, poti mukanakhalapo ndi zomwe mukanayamba kufunsa musanandipatse n'komwe moni. Mapira tinakolola, koma mbali ya kumunsi mbalame zinachita phwando. Ine kukuwa ndimakuwa, kungoti mbalame za kuno zinkaopa mawu anu okha. Thonje lokha latichititsa manyazi, mbozi zinalowa tisanapopere. Mbatata zija munkabzala kudimba tsiku limene munagwa, ndinakamaliza mizere yake patatha milungu itatu. Khasu lanu ndinalipeza pomwe munalisiya, mpini utayamba kudyedwa ndi chiswe. Amayi, mbatata zimenezo zinabereka mopanda manyazi. Ndinkakumba ndikulira, ndikuzikalipira ngati zili ndi makutu.

Mkazi wa Zuze anachira mu Ogasiti, mwana wamkazi. Anamupatsa dzina lanu. Mphumi ndi yanu, ndipo ukali nawonso akuoneka kuti watengera, chifukwa akafuna bere mudzi wonse umadziwa. Mbuzi yanu yamawanga inaswa ana awiri. Ng'ona inagwira thole la Zuze padooko, iye anangotsala ndi chingwe m'manja. Amuna anga, bambo ake a Lusiya, akadali ku esiteti kudula nzimbe, amabwera kumapeto kwa mwezi atada ngati mphika.

Koma sindinakhale pansi kuti ndikuuzeni za mapira ndi mbuzi. Nkhani ndi ya mdzukulu wanu Lusiya, ndipo mwina inunso muli ndi mbali yanu pa mlanduwu.

Mukukumbukira momwe tinkakusekerani ndi nkhani ya kanema wa zidole? Munkatiuza kuti muli mtsikana kwanu kutsidya, ku Mozambique, wansembe wina ankabwera ndi makina pa mishoni. Masanasana ankatseka mawindo a kalasi ndi mphasa, n'kupachika nsalu yoyera pakhoma, ndipo pansalupo pankatuluka nyama zojambula ndi manja, zakuda ndi zoyera basi, zosayankhula. Mbuzi yovala chipewa, nkhumba yopalasa njinga, ng'ona ya nsapato. Miyendo yawo inkapindika ngati mphira. Munkati poti nyamazo zinali zosalankhula, anafe ndife tinkaziikira mawu, ndipo pa ana onse wa pakamwa kwambiri munali inu. Ife sitinkakhulupirira. Malemu bambo akabwera kuchokera ku njanji ku Chiromo, akakupezani mwayamba nkhaniyo, ankangoti, "Ayambapo amayi anu ndi mbuzi yawo ya chipewa." Inu munkati tsiku lina mudzaiona nokha, mudzandipepesa.

Bambo anapita osapepesa, koma ine ndi Zuze tinapepesa. Chaka chatha chija Zuze atabwera ndi foni kuchokera ku Chiromo, munthu woika nyimbo m'mafoni uja anali atamuthiriramonso zidole zakalekale, zoti mwina iye mwini sanaziyang'ane n'komwe. Munali pakhonde mukusenda nandolo. Zuze anatsegula kuti asangalatse Lusiya, inu munangosuzumira kamodzi, lichero lonse pansi. "Ndi yomweyo! Mwanawe, ndi yomweyo! Ine ndakalamba, iyo nkhabe kukalamba!" Munagwira foniyo ndi manja awiri, misozi ili mbwe, kwinaku mukuseka. Zuze atakufotokozerani kuti munthu ankajambula chithunzi chimodzichimodzi, zambirimbiri, kuti mbuziyo ingokweza mwendo umodzi, munapukusa mutu n'kunena kuti munthu ameneyo analibe munda.

Kuyambira tsiku limenelo foni ya Zuze inasanduka yanu. Masana aliwonse dzuwa likafika poti munthu sangagwire khasu, inu ndi Lusiya munkakhala pamphasa mitu itagundana. Mbuzi munkaiyankhulitsa Chisena, nkhumba munkaipatsa mawu a mayi uja wogulitsa nsomba pamsika, ng'ona inkayankhula ngati malemu bambo akakwiya. Ine ndinkamvera ndili m'khitchini, ndikunamizira kuti sizikundikhudza. Ndipo panali malo aja amene nonse munkawadikira. Mbuzi ikuthawa ng'ona, ikwera panjanji, sitima ibwera n'kuiponda, n'kutsala yaphwatalala ngati mphasa, chipewa chili apo. Pamenepo inu munkakweza chala n'kuwerenga m'chinenero chanu, "Posi, piri, tatu, lamuka!" Mbuzi ija inkafufuma, n'kudzisansa fumbi, n'kutola chipewa chake. Munkaidziwa nthawi yake bwinobwino, simunaphonyepo ndi tsiku limodzi.

Tsiku lina Lusiya anakutsekani pakamwa ndi dzanja kuti aone ngati mbuziyo idzuke yokha. Inu, ndi nzeru zanu zoipazo, munafuulira m'kati mwa zala zake, mbuzi n'kudzuka. Mwanayo anakuyang'anani ngati waona mngelo. Tonse tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamuuza kuti mbuziyo ikanadzuka ngakhale inu mukanakhala chete.

Pa maliro anu tinachita monga timachitira. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi saona bokosi, choncho m'mawa womwewo tinamutumiza ku Tengani kwa mng'ono wanu, amayi aang'ono. Iwo anamuuza kuti agogo atopa, agona. Sindikuwaimba mlandu, inenso ndikanatero. Atabwerako patatha mlungu, Lusiya sanalire. Anthu anamuyamikira kuti ndi mwana wolimba mtima, ine ndinavomera chifukwa ndinalibe mphamvu zonyamula misozi ya anthu awiri.

Ndinachedwa kuona, Amayi. M'mawa uliwonse ankasesa m'chipinda chanu. Kapu yanu yachitsulo ankaitsuka ngakhale palibe wamwera. Nthawi ya masau anatola chitini chodzaza n'kuchibisa pansi pa bedi lanu, ndinachidziwira ku fungo atayamba kuwola. Foni ya Zuze sankafuna kuiona, ankati akudikira agogo. Kenaka ana anzake kumjigo anamuuza mosabisa kuti agogo ako anafa, anawakwirira m'dothi. Ndinaganiza kuti abwera akulira. Anabwera akuseka, ndowa ili pamutu, akuti, "Sadziwa amene aja. Mbuzi ijanso inakwiriridwa ndi mchenga koma inatuluka."

Sukulu itatsegulira anapita masiku atatu okha n'kusiya. Ankavala yunifolomu, n'kukakhala pachitsa chija choyang'ana njira ya kumanda. Ndikamufunsa ankati agogo akabwera asapeze pakhomo palibe munthu. Ndinamukalipira, ndinamunyengerera, tsiku lina ndinathyola kamtengo koma dzanja linakana. Chakudya ankangonyomola pang'ono, chotsala n'kuvundikira kuti ndi cha agogo. Mwana uja munkamutcha kamvuu chifukwa cha masaya, mafupa a m'khosi anayamba kuoneka. Aphunzitsi ake anatumiza uthenga kawiri. Ndinkadziwa chimene chinkafunika, kumukhazika pansi n'kumuuza kuti simudzabweranso. Koma ndikatsegula pakamwa mawu ankakana, chifukwa kunena zoona, Amayi, inenso ndikamuona ali pachitsapo ndinkaponya diso kunjirako.

Mwezi watha ndinali kupeta mchewere pabwalo. Anabwera n'kuima patsogolo panga, manja kumbuyo ngati wamkulu.

"Amayi, agogo atagwa munalipo?"

Ndinati ndinalipo. Ndinamuuza zonse zimene ndinali ndisanauzepo munthu. Kuti munawerama kutola kholowa n'kungogwa chammbali. Kuti tinakunyamulani pa ngolo ya a Fulanki kupita kuchipatala, mutu wanu uli pamiyendo panga, ine ndikukutchingirani dzuwa ndi chitenje. Kuti ng'ombe zinkayenda ngati sizikudziwa chimene zanyamula. Kuti tisanafike pamlatho waung'ono uja dzanja lanu linamasuka.

"Ndiye munawadzutsa?"

"Ndinawadzutsa, mwanawe. Ndinafuula mpaka mawu kutha."

"Munati chiyani?"

"Ndinati, Amayi dzukani. Dzukani, Amayi."

Nkhope yake inasintha ndikuona. Anati, "Ndiye chifukwa chake! Si dzukani ayi. Ndi lamukani. Ndiponso simunawerenge." Anatembenuka n'kukalowa m'chipinda chanu, ndipo anatha masiku awiri osandiyankhula.

Ndine munthu wamkulu, ndimaimba kwaya, ndikudziwa kuti mawu sadzutsa wakufa. Achipatala anandiuza kuti unali mtsempha wa m'mutu, kuti ngakhale mukanagwera pakhomo pawo penipeni sakanachitapo kanthu. Koma mawu a mwanayo anandilasa pamalo pamene panali bala kale. Inu mukudziwa bala lake. Ndili kusekondale anzanga ankandiseka kuti ndine msena wodya nyika, mizu ya m'madambo ija, ndipo nditabwera kutchuthi ndinakuuzani kuti anzanga akadzandichezera musadzayankhule Chisena. Munali kukhutula madzi mumtsuko. Simunakwiye, munangoti, "Chabwino, dona." Anzangawo atabwera munawalandira ndi Chichewa chanu chopunduka chija, mukusankha liwu lililonse ngati mukuyenda paminga. Kuyambira pamenepo mukandiyankhula m'Chisena ndinkayankha m'Chichewa, zaka makumi awiri, mpaka lilime langa linazolowera kukukanani. Ndipo tsiku lomaliza, mutu wanu uli pamiyendo panga, ndinakuitanani m'chinenero cha anzanga aja. Zimenezi zimandipweteka, Amayi, zimandipweteka kuposa imfa yeniyeniyo.

Ndinafunsa nzeru kwa anthu. Zuze anati mwana amaiwala, ndimusiye. Akatekisiti anabwera ndi mtima wabwino n'kumuuza kuti agogo adzauka tsiku lomaliza, iye n'kufunsa ngati akunena lomaliza la sukulu. Amayi aang'ono anati ndikamusambitse mankhwala, mwina mzimu wanu ukumukoka. Pamenepo ndinapsa mtima, ndinati amayi anga sangakoke mwana, iwo ankadzimana kuti mwanayu adye. Lusiya yekha ndi amene ankadziwa chimene akufuna. Atayambanso kundiyankhula, mawu ake anali amodzi tsiku ndi tsiku: tipite mukanene bwinobwino.

Mwana kumanda sapita, mukudziwa. Ndinakana milungu itatu. Chimene chinandigonjetsa ndi mawu anu omwe. Zuze ali mnyamata ataumirira zopita kukawedza ndi bwato lobooka lija, bambo akufuna kumumanga, inu munati, "Mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha." Munamulola, koma munakaima m'madzi ofika m'chiuno pafupi naye mpaka bwatolo linamira iye n'kugwera m'manja mwanu. Ndinaganiza kuti nanenso ndiseme nyangayo, bola ndikhale pafupi ikamafota.

Loweruka lapitali kunali kudalitsa manda, monga timachitira mwezi uno. Ndinapita kwa akuluakulu a adzukulu okumba manda kukapempha kuti mwana alowe nawo. Anayang'anana, wina anati zimenezi sizichitika, koma a Fulanki, omwe aja a ngolo, anati, "Msiyeni alowe. Ndinalipo ine tsiku lija." Tinalambula udzu m'mawa dzuwa lisanakwere. Lusiya anavala diresi lake la Khirisimasi ndipo anatenga mpango wanu wobiriwira, akuti mukatuluka mudzafuna kufunda kumutu. Njira yonse ankadumphadumpha. Ine ndinkamutsatira ngati ndikupita kukapereka mwana wanga kwa wom'baya.

Bambo mfumu atawaza madzi n'kupitirira kumanda ena, anthu anawatsatira ndi nyimbo, ife tinatsala awiri. Ndinamuonetsa mtumbira wanu ndi mtanda umene Zuze anakhoma. Anauyang'ana n'kufunsa kuti mutu uli mbali iti. Ndinamulozera. Anandikoka dzanja kuti ndigwade kumeneko.

"Muwerenge kaye. Mukweze chala."

Ndinakweza chala, Amayi. Ine Rozina, dona uja, ndinagwada m'fumbi pamaso pa mudzi wonse n'kunena, "Posi, piri, tatu. Mama, lamukani." Mawu anatuluka okhota, lilime linali litaiwala njira. Lusiya anati ndanena motsitsa, simunamve. Ndinabwereza mokweza, moti amayi ena a kwaya anatembenuka. Tinadikira. Nyerere zinkayenda pamtumbira ndi ntchito zawo. Patali nyimbo inkapitirira.

Kenaka anati mwina afunika iyeyo, poti ndiye ankakhala nanu pamphasa. Anaimirira bwinobwino, mpango uli m'dzanja limodzi, chala cha dzanja linalo m'mwamba. Anawerenga ndi mawu anu enieni, kukweza pomwe munkakweza, kukoka pomwe munkakoka. Ndinatseka maso chifukwa zinali ngati mwayankhula ndinu. Ananena kachiwiri. Kachitatu sanafike pa tatu.

Anatsitsa chala n'kuyang'ana dothi. Thukuta linkatsika m'khosi mwake. Kenaka anafunsa osandiyang'ana, "Ndiye kuti ngakhale mukananena bwino tsiku lija?"

Ndinati, "Ngakhale ndikananena bwino."

"Sabweranso?"

"Sabweranso, mwana wanga. Anthu sali ngati mbuzi ija. Ija ndi yojambula, ikanadzuka ngakhale agogo akanakhala chete. Tinalakwa ife osakuuza."

Kulira kumene analira, Amayi, sindinakumvepo kwa mwana. Kunali kulira kwa miyezi isanu ndi iwiri kutulukira pakhosi limodzi laling'ono. Anadzigwetsa pamtumbira, diresi la Khirisimasi lonse dothi, akukuitanani m'zinenero zonse ziwiri. Amayi a kwaya anasiya nyimbo n'kubwera, koma a Fulanki anawaletsa ndi dzanja kuti amusiye. Ndinagona pambali pake n'kulira naye. Pamaliro anu ndinalira monga mwana wamkazi amayenera kulirira, anthu akuona. Loweruka ndi pamene ndinakulirani zenizeni.

Pobwerera ndinamubereka kumsana ngakhale miyendo yake ikufika m'mawondo mwanga. Mpango wanu anaumangirira pamtanda. Tinayenda mpaka pamjigo, ine ndikuyesa kuti wagona. Mwadzidzidzi ndinamva kamwa yake pakhutu langa.

"Amayi, inu mukadzagwa ndidzanene chiyani?"

Ndinaima panjira. Ndinafuna kumuuza kuti ine sindidzagwa, mawuwo anafika mpaka pamilomo, koma ndinawameza. Ndinamuuza kuti adzangondigwira dzanja n'kundiitana mmene angathere, chinenero chilichonse, ine ndidzamva. Anati chabwino, n'kundikumbatira khosi mpaka kundibanika.

Lolemba anapita kusukulu. Anadya phala lonse osavundikira lina. Sindikunena kuti wachira, amalira pafupipafupi, pena pakati pa masewera, ndipo tsopano akandisowa pang'ono amathamangira kudimba kukandiyang'ana. Foni ija sanaifunsebe, ndipo sindikumukakamiza.

Tsono chimene ndalembera kalatayi ndi ichi. Ndinamuuza mwana kuti munthu amamva, ndipo ndinanena molimba ngati ndikudziwa. Sindikudziwa, Amayi. Pa ngolo paja, dzanja lanu lisanamasuke, munandifinya chala kamodzi. Miyezi yonseyi ndakhala ndikudzifunsa ngati kunali kundiyankha kapena kunali kugwedeza kwa ngolo. Ngati munandimva, ndiye kuti munamva mwana wanu akukuitanani m'chinenero chimene anakusankhirani yekha, ndipo munavomera monga munavomerera zaka zonse zija. Ndikhululukireni. Sindinanenepo mawu amenewa muli moyo chifukwa ndinkayesa kuti nthawi ilipo.

Ndikukulonjezani kuti mwanayu sindidzamunamizanso, ngakhale bodza lake likhale lokoma chotani. Ndipo dzulo ndatumiza uthenga ku Tengani kuti amayi aang'ono akamabwera azindiyankhula Chisena chokhachokha, ndikayankha m'Chichewa asandiyankhe. Ndikufuna tsiku limene ndidzakupezeni ndidzakupatseni moni woti simudzafunika kusankha mawu pondiyankha.

Mupereke moni kwa bambo. Ndimakukondani, Mama, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ine mwana wanu,
Rozina